Sensa Yoyezera Mpweya Ikamangosinthasintha Manambala: Poyambira Kufufuza Vuto Kuno ku Chipata

Dandaulo limene ndimalandira kawirikawiri kuchokera kwa aphunzitsi a sayansi ndi achinyamata amene amadzilumikizira okha timabokosi toyezera mpweya kuno ku Chipata ndi lakuti manambala sakhazikika. Kabokosi kali pamalo pomwe paja, palibe wakakhudza, utsi sukuoneka, koma masana nambala yakwera, usiku yatsika, mawa lake yatembenuka. Ndipo mvula yoyamba ya mu Novembala ikangogwa, zonse zimene munalemba mu Okutobala zimaoneka ngati zinachokera ku chipangizo china. Ambiri amafulumira kunena kuti sensa yafa, n'kuitanitsa ina ku Lusaka, imene ikafika imachitanso chimodzimodzi. Pa masensa amene anthu andibweretsera kuti ndiwaone, akufa enieni anali ochepa. Ambiri ankagwira ntchito bwinobwino, kungoti ankamva madzi, kutentha ndi mowa pamene mwini wake ankaganiza kuti akumva utsi wokha.

Tisanafike pa mawaya, pali chinthu chimodzi chosafunika kuchizengereza. Ngati kabokosi kali m'chipinda momwe muli mbaula ya malasha, nambala n'kukwera, ndipo wina akudandaula mutu, chizungulire kapena nseru, tulutsani anthu panja, tsegulani zitseko ndi mawindo, ndipo amene wafooka mupite naye kuchipatala msanga. Mpweya wa carbon monoxide ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umakanirira m'magazi mwamphamvu kuposa okosijeni kopitirira ka 200. Usiku wa mu Juni ndi Julayi, pamene mabanja amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka paliponse, si nthawi yokayikira sensa. Komanso kabokosi kodzipangira sikayenera kukhala mlonda wa anthu ogona. Ntchito imeneyo ndi ya alamu yogula yopangidwira carbon monoxide, ndipo chabwino koposa ndi kusagona ndi mbaula m'nyumba.

Zimene zimachitika m'kati mwa kachisoti

Masensa amene ndikunena ndi aja otsika mtengo a mtundu wa MQ, monga MQ-7 ya carbon monoxide, MQ-2 ya utsi ndi gasi wophikira, ndi MQ-135 imene amaigulitsa ngati yoyezera ubwino wa mpweya, pamodzi ndi a TGS a kampani ya Figaro ya ku Japan, amene anachokera pa ntchito ya Naoyoshi Taguchi m'zaka za m'ma 1960. Pansi pa kachisoti kasefa kachitsulo pali kachubu kakang'ono kopakidwa tin dioxide, ndipo m'kati mwa kachubuko mwadutsa kawaya kotenthetsa, kamene tizikatchula kuti hita, kofikitsa pamwambapo pa madigiri mazana angapo. Pakatentha chotero, okosijeni wa mumpweya amamatirira pamwamba pa tin dioxide n'kugwira ena mwa ma elekitironi ake, motero magetsi amadutsa movutikira ndipo resistance, kutanthauza kukaniza magetsi kudutsa, imakwera. Carbon monoxide akafika amaphatikizana ndi okosijeni womatirira uja, n'kuchoka ali carbon dioxide. Ma elekitironi amamasuka, resistance n'kutsika. Kutsika kumeneko ndi kumene Arduino kapena ESP32 yanu, kakompyuta kakang'ono ka m'kabokosi, imawerenga.

Kumatirira kumeneku ndi kumene akatswiri amakutcha adsorption. Mpweya sulowerera m'kati monga madzi alowera m'thonje, umangokanirira pamwamba, monga fungo la utsi likanirira pa jekete la munthu amene wachezera pamoto pa maliro, n'kumachoka pang'onopang'ono masiku otsatira. Mfundo ziwiri zikutuluka pamenepa, ndipo mavuto onse amene tikambirane achokera pa izo. Yoyamba, pamwambapo sipasankha mlendo: nthunzi ya madzi, mowa, petulo, hydrogen ndi gasi wophikira zonse zimapeza malo, ndipo zambiri mwa izo zimatsitsa resistance mofanana ndi carbon monoxide, pamene nitrogen dioxide amaikweza. Yachiwiri, kumatirira ndi kumasuka kumadalira kutentha kwa pamwambapo, choncho chilichonse chosintha kutentha kwa hita chimasinthanso nambala ngakhale mpweya usanasinthe n'komwe.

Yambani ndi magetsi

Tengani multimeter muyeze mavoti pa miyendo ya sensa yeniyeni pamene zonse zikugwira ntchito, osati pa chaja. Hita ya masensa a MQ imakhala ndi ma ohm pafupifupi 33, kutanthauza kuti pa mavoti 5 imakoka pafupifupi 150 mA. Masensa atatu pa kachingwe kamodzi ka USB koonda ndi kakatali amatha kugwetsa mavoti moonekeratu, ndipo popeza mphamvu yotenthetsa imayenda ndi mavoti ochulukitsidwa ndi iwo okha, kutsika kuchoka pa 5 kufika pa 4.6 kumachotsa pafupifupi 15 peresenti ya moto wa hita. Sensa yozizirako chotero imayankha mosiyana, ndipo inu mudzalemba kuti mpweya wasintha. Amene mumagwiritsa ntchito sola muonetsetse ngati nambala yanu siikutsatira batire, kukwera dzuwa likatentha ndi kutsika m'bandakucha batire itafooka. Njira yosavuta ndi kulemba mavoti pamzere umodzi ndi nambala ya sensa nthawi iliyonse, ndi kupatsa mahita regulator yawoyawo, kachipangizo kokhazikitsa magetsi pa mavoti 5.

Pali tina ting'onoting'ono ta pa bolodi timene timasokoneza anthu. Kachitsulo kabuluu kopotokola ndi sikuludiraiva kamene kali kuseri kwa mabolodi ambiri a MQ kamangosintha malire a mwendo wa DO, umene umangoyaka kapena kuzima, sikakhudza nambala yotuluka pa mwendo wa AO, imene inu mumawerenga, ndiye kukapotokola pofuna kutchuna sensa n'kutaya nthawi. Yang'ananinso resistor yaing'ono ya RL: pa mabolodi ambiri otchipa palembedwa 102, kutanthauza 1 kΩ, pamene pulogalamu imene munakopera pa intaneti ikhoza kuwerengera 10 kΩ, imene imalembedwa 103. Masamu opezera resistance ya sensa, Rs, ndi akuti Rs = RL × (Vc − Vout) ÷ Vout, pamene Vc ndi mavoti olowa ndipo Vout ndi otuluka pa AO, choncho ngati Vc ndi 5, Vout ndi 1, ndipo RL ndi 10 kΩ, Rs ndi 40 kΩ; mukalakwitsa RL ndiye kuti Rs yalakwika kakhumi. Ogwiritsa ntchito ESP32 mukumbukire kuti miyendo yake siyenera kulandira mavoti oposa 3.3, ndiponso kuti miyendo yowerengera mavoti ya m'gulu la ADC2 siwerenga bwino Wi-Fi ikayaka. Gwiritsani ntchito miyendo ya GPIO32 mpaka GPIO39.

Sensa imene sinapse

Sensa yatsopano, kapena imene yakhala m'kabati nthawi ya tchuthi, imakhala itadzaza chinyezi ndi zina zonse zimene zinamatirira ili yozizira. Ikayatsidwa, nambala imayamba ili pamwamba n'kumatsika kwa maola ambiri pamene zinthuzo zikupsa n'kuchoka. Mapepala a opanga amanena za maola 24 kapena 48 a kutenthetsa koyamba, ndipo a kampani ya Winsen amawonjezera kuti sensa imene yasungidwa pakati pa mwezi umodzi ndi miyezi isanu ndi umodzi itenthetsedwe maola osachepera 72, ndipo ikapitirira pamenepo maola 168, imene ndi sabata yathunthu. Ana a sukulu amafuna kuona manambala tsiku lomwelo, ndipo sindiwadzudzula, koma amene watenga mlingo wake woyambira, nambala yoyerekezera nayo zonse zobwera pambuyo, pa ola loyamba wamanga nyumba pa dothi losauma.

Kuno vutoli limakula chifukwa cha kuzimazima kwa magetsi. Nthawi iliyonse magetsi akapita kwa maola angapo hita imazizira, chinyezi chimabwerera, ndipo akabwera nambala imalumpha n'kuyamba kutsika. Ndaonapo gulu lina la ana litajambula chithunzi chokongola chosonyeza kuti mpweya wa m'dera lawo umaipa nthawi yofanana tsiku ndi tsiku, ndipo titayerekeza ndi kope la mlonda wa pasukulupo tinapeza kuti imeneyo inali nthawi imene magetsi ankabwera. Konzani pulogalamu kuti izilemba nthawi imene kabokosi kayaka, ndipo manambala a ola loyamba pambuyo pa kuzima kulikonse muziwaika padera. Ngati mungathe, ikani batire yoti hita isamazime n'komwe.

MQ-7 ili ndi khalidwe lakelake limene ogulitsa ambiri satchula. Iyo inapangidwa kuti hita yake izisinthana: mavoti 5 kwa masekondi 60 kuti pamwamba payeretsedwe, kenako mavoti 1.4 kapena 1.5, malinga ndi wopanga, kwa masekondi 90, ndipo nambala ya carbon monoxide imawerengedwa kumapeto kwa gawo lozizirali. Mabolodi ambiri otchipa amangoipatsa mavoti 5 osalekeza. Ikatero imayankhabe mukaiyandikiza utsi, n'chifukwa chake anthu amakhulupirira kuti ili bwino, koma graph ya wopanga sikugwiranso ntchito pa iyo. Pamafunika transistor yoyendetsedwa ndi Arduino kuti kusinthanaku kuchitike. Dziwaninso kuti ma power bank ena amadzizimitsa okha akaona kuti magetsi okokedwa achepa, ndipo gawo la mavoti otsika lija likhoza kuwanyenga.

Chinyezi ndi kutentha, mwini nkhani weniweni

Magetsi akakhala bwino, sensa itapsa mokwanira, koma nambala n'kumayendabe, kawirikawiri wolakwa ndi madzi a mumpweya. Nthunzi imamatirira pa tin dioxide n'kutsitsa resistance, ndipo kabokosi kamaiwerenga ngati mpweya woipa. Opanga ena amayesa masensa awo pa madigiri 20 ndi chinyezi cha 65 peresenti, ndipo pa pepala lawo amaika graph ina yaing'ono, imene ambiri amaidumpha, yosonyeza mizere iwiri ya chinyezi cha 33 ndi 85 peresenti: chinyezi chikachuluka resistance imatsika, kutentha kukakwera imatsikanso. Chaka chathu chimadutsa mbali zonse za graph imeneyo. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumazizira ndi kuuma, Seputembala ndi Okutobala kumatentha ndi kuuma kwambiri, ndipo kuyambira Novembala mpaka Epulo mpweya umakhuta madzi. Kabokosi kotchunidwa ku Chipata, pamtunda wa mamita oposa 1,000, mukapita nako kuchigwa ku Mfuwe mu Okutobala kadzakuuzani zachilendo chifukwa cha kutentha kokha.

Pano pali msampha umene umagwira ngakhale amene anaika kale kachipangizo koyezera chinyezi monga DHT22, SHT31 kapena BME280. Peresenti imene tizipangizoti timasonyeza si kuchuluka kwa madzi, koma gawo la madzi amene mpweya ungathe kunyamula pa kutentha kwa nthawiyo. Mpweya wa madigiri 15 ukakhuta umanyamula pafupifupi magalamu 13 a madzi pa kiyubiki mita imodzi, pamene wa madigiri 30 umanyamula pafupifupi magalamu 30. Choncho m'mawa wozizira wa madigiri 15 ndi chinyezi cha 80 peresenti uli ndi magalamu 10 okha, pamene masana a madigiri 30 ndi chinyezi cha 50 peresenti ali ndi magalamu 15. Peresenti yatsika koma madzi achuluka, ndipo sensa yotentha ija imamva kwambiri kuchuluka kwa madzi enieniwo. Amene akufuna kukonza manambala ake ndi masamu asandutse kaye peresenti ndi madigiri kukhala magalamu, apo ayi adzakonza mobwerera m'mbuyo.

Kuti muone ndi maso anu mmene sensa yanu imamvera madzi, pezani botolo lalikulu lagalasi lokhala ndi chivindikiro, lotsukidwa ndi madzi okha n'kuumitsidwa padzuwa. Musagwiritse ntchito chigubu cha pulasitiki chimene munali mafuta kapena sopo, chifukwa hita ikatenthetsa m'katimo fungo lotsalira limatuluka n'kusokoneza zonse. Lowetsani sensa ndi koyezera chinyezi, mawaya atulukire pa kabowo ka pa chivindikiro, ndipo muikemo timapaketi tingapo ta silica gel, tija timapezeka m'mabokosi a nsapato, mutayamba mwatiumitsa pa moto wochepa. Dikirani nambala ikhazikike, mulembe. Kenako chotsani timapaketito, muikemo kansalu koyera konyowa popanda kukhudza sensa, mudikirenso, mulembe. Kusiyana kwa manambala awiriwo ndi kukula kwa bodza limene madzi okha angakunamizeni, ndipo kusintha kulikonse kwa panja kocheperapo kuposa pamenepo simuyenera kukutchula kuti kuipa kwa mpweya. Koyezera chinyezi nakonso kamatha kusokera. Kayeseni pakokha m'botolo lotseka momwe muli kachivindikiro ka mchere wa patebulo wonyowetsedwa ngati phala, pakuti pakapita maola angapo mpweya wa m'menemo umakhazikika pa 75 peresenti. Sensa ya gasi musaiyandikize mcherewo, chifukwa mchere umaiwononga.

Koma tisamanamizire madzi chilichonse. Mzinda wathu uli m'chidikha chozunguliridwa ndi mapiri, ndipo m'mamawa wa chisanu mpweya wozizira umakhala pansi n'kutsekereza utsi wa mbaula, wa zinyalala ndi wa magalimoto kuti usakwere. Aliyense amene waimapo paphiri la Kanjala dzuwa lisanatuluke waona chifunga cha utsi chitayala pamwamba pa nyumba. Kuzizira pakokha kumayenera kukweza resistance, kutanthauza kuti nambala ya kuipa iyenera kutsika. Ngati mu Julayi nambala ikukwera m'bandakucha, ndi madzulonso nthawi yophika, mosemphana ndi mmene kuzizira kukanaikokera, ndiye kuti mwina kabokosi kakuona utsi weniweni. Chokhacho choti mutsimikize n'chakuti mame sakulowa pa bolodi, pakuti timadontho pakati pa miyendo ya sensa timadutsitsa magetsi n'kukweza nambala mwadzidzidzi. Kabokosi kakhale ndi denga, mabowo a mpweya ayang'ane pansi, ndipo kasakhale pansi penipeni pa malata, pamene masana pamatentha kuposa panja ndipo usiku pamadontha.

Chifukwa cha zonsezi, ine sindikhulupirira mlingo woyambira umodzi wa chaka chonse. Ndimatenga wa chilimwe, wa dzinja ndi wa chisanu, pamalo okwera, kumene kukuchokera mphepo, kutali ndi msewu wa Great East ndi utsi wa magalimoto akuluakulu opita ku Mwami. Kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala mpweya woyera umasowa ngakhale kumapiri, chifukwa tchire likupsa paliponse, ena posaka mbewa, ena pososa m'minda, ndipo mauvuni a njerwa akufuka; nthawi imeneyo sankhani tsiku la mphepo ndipo mulembe kuti mlingowo ndi wokayikitsa. Muonenso tanthauzo la R0, resistance yoyerekezera nayo Rs, pa pepala la sensa yanu, chifukwa opanga ena amatanthauza resistance ya mumpweya woyera, pamene ena amatanthauza ya mu 100 ppm ya gasi woyeserayo, kutanthauza magawo 100 pa miliyoni a mpweya. Pulogalamu yolembedwera tanthauzo limodzi ikagwiritsidwa ntchito pa linzake imatulutsa ma ppm opanda mutu.

Alendo osaitanidwa

Nambala ikalumpha mwadzidzidzi n'kubwerera patapita mphindi zochepa, funsani zimene zinachitika pafupi nthawi imeneyo musanatsegule kabokosi. Mowa ndiye woyamba. Kabokosi kena kamene tinakapachika pakhonde la amayi ena m'komboni pofuna kuona utsi wa mbaula kankalumpha masiku ena okha, mbaula itazima kale. Nditabwerera n'kufunsa mwaulemu ngati pali china chimene chimachitika masiku amenewo, amayiwo anaseka n'kuloza kuseri kwa mpanda wa udzu, kumene anzawo oyandikana nawo ankatcheza kachasu. Sanitaiza wa m'manja amachita chimodzimodzi, ndiponso mafuta onunkhira, polishi wa pansi, penti, guluu wa nsapato, petulo wa njinga zamoto zoimikidwa pakhonde, ngakhale mpweya wa m'kamwa mwa mwana amene akuuzira sensa kuti aone ngati ikugwira. Kope laling'ono lomangirira pafupi ndi kabokosi, loti a pakhomopo azilembamo nthawi yophika, yokolopa ndi yotentha zinyalala, limathetsa mafunso ambiri kuposa pulogalamu iliyonse.

Pali mlendo mmodzi amene akalowa satuluka, ndipo ameneyu ndiye amapha masensa zenizeni. Nthunzi ya silicone ikafika pamwamba potentha paja imapsa n'kusiya kagalasi kopyapyala kamene kamatseka malo omatirira mpaka kalekale. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri timaika tokha poizoniyu, pomata kabokosi ndi silicone wa m'chubu wa mawindo kuti mvula isalowe. Mafuta ena a tsitsi ndi mankhwala opopera owalitsa m'galimoto alinso ndi silicone. Silica gel wa m'timapaketi tija ndi chinthu china, ndipo alibe vuto limeneli. Chizindikiro cha sensa yodyetsedwa poizoni si kusinthasintha, koma ulesi: imachedwa kuyankha, imakwera pang'ono, ndipo imachedwa kubwerera. Fumbi la mu Seputembala likatseka kasefa limabweretsa ulesi wofananawo, koma ilo limachoka ndi kaburashi kofewa kouma sensa itazima ndi kuzizira. Musaitsuke ndi madzi kapena spirit.

Kuti musiyanitse sensa yodwala ndi mpweya wosintha, njira yodalirika ndi kuika masensa awiri kapena atatu a mtundu umodzi pamalo amodzi kwa sabata yathunthu. Manambala awo sadzafanana ndendende, chifukwa ngakhale ochokera m'paketi imodzi amasiyana resistance, koma ayenera kukwera ndi kutsika pamodzi. Onse akamayenda limodzi, chifukwa chili kunja kwa kabokosi. Imodzi ikamayenda yokha, kapena ikamangogona pamene anzake alumpha mutayandikiza thonje la kadontho ka spirit patali pang'ono, imeneyo ndi yoti ichotsedwe. Chitani zimenezi musanagawe timabokosi m'madera osiyanasiyana, kuti kusiyana kwa Kapata ndi Kalongwezi kusakhale kusiyana kwa masensa chabe.

Pamene vuto si sensa koma funso

Anthu ena amachita zonsezi molondola, koma amakhumudwabe kuti kabokosi sikakuonetsa kusiyana pakati pa mphepete mwa msewu ndi kumunda. Apa tiyenera kunena mosabisa kuti masensa a MQ sanapangidwire mipweya yochepetsetsa ya panja. Malangizo a World Health Organization a 2021 amaika carbon monoxide pa 4 mg pa kiyubiki mita pa maola 24. M'mphepete mwa nyanja yamchere 1 ppm ya mpweyawu ndi pafupifupi 1.15 mg, koma kuno kumtunda, kumene mpweya ndi wopepukirako, ndi pafupifupi 1 mg, choncho malirewo ali cha pa 4 ppm. MQ-7 imayambira pa 10 kapena 20 ppm malinga ndi wopanga. M'khitchini ya malasha ili ndi ntchito, koma pabwalo imakhala ikuwerenga pansi pa pamene inapangidwira. Pa nitrogen dioxide mpata ndi waukulu koposa: malire a tsiku ndi ma mikrogalamu (µg) 25 pa kiyubiki mita, pafupifupi 13 ppb, kutanthauza magawo 13 pa biliyoni, ndipo a chaka ndi 10 µg, pamene graph ya MQ-135 imayambira pa 10 ppm, imene ndi 10,000 ppb. Ndipo mapulogalamu amene amasonyeza carbon dioxide wa 400 ndi kanthu kuchokera pa MQ-135 amangokakamiza nambala kuti ifanane ndi ya mumlengalenga, imene masiku ano yadutsa 420 ppm. Woyeza carbon dioxide moona amagwiritsa ntchito sensa ya kuwala ya NDIR.

Maganizo anga ndi akuti amene alibe gasi woyesera wodziwika mlingo wake asalembe ppm m'lipoti lake. Alembe Rs ÷ R0, madigiri, chinyezi ndi mavoti, n'kunena kuti mpweya unaipa kuposa dzulo kapena kuposa malo ena, zimene ndi zoona ndiponso zothandiza. Ngati cholinga ndi kukadandaula za utsi wa fakitale kapena dzala ku khonsolo kapena ku ZEMA, bungwe loona za chilengedwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la Environmental Management Act la 2011, kope la masiku, maola, kumene mphepo inkachokera ndi zithunzi lidzalemera kuposa ppm ya kabokosi kodzipangira, imene katswiri aliyense angaigwetse ndi funso limodzi.

Amene akufunadi kuyeza nitrogen dioxide kapena benzene wa m'mphepete mwa msewu popanda makina odula angagwiritse ntchito timachubu tosafuna magetsi. Ka nitrogen dioxide, kotchedwa Palmes tube, ndi kotalika pafupifupi masentimita 7, ndipo kumapeto kwake kotseka kuli tisefa topakidwa triethanolamine wogwira mpweyawo. Ka benzene kamakhala ndi makala okonzedwa mwapadera kapena ufa wina womatirira. Timapachikidwa kwa masabata awiri mpaka anayi, kenako timatumizidwa ku labotale, ndipo yankho lake ndi avereji ya nthawi yonseyo, osati ya ola ndi ola. Natonso tili ndi mavuto ake obwerezabwereza. Kukamwa kwa kachubu kuyang'ane pansi, kapachikidwe pamtunda wa mamita awiri kapena atatu kuti ana asakafikire, ndipo kasagunde khoma. Lembani tsiku ndi ola lotsegula ndi lotseka, chifukwa labotale imagawa ndi nthawi imeneyo. Timachubu tisungidwe totseka pamalo ozizira, mufiriji ngati ilipo, osati m'galimoto yoima padzuwa. Kamodzi pa gulu lililonse kayende ulendo wonse osatsegulidwa, kuti labotale idziwe zimene zinalowa panjira. Pokachotsa suzumirani m'kati muone ngati kangaude kapena mavu sanamangemo, ndipo ngati amangamo mulembe pa pepala lotumiza nalo, popeza nambala ya kachubu kotsekeka imatuluka yotsika kuposa mmene mpweya unalili.